Oyilo wa kwa Mkamwini

Njinga yamoto ya azamba inali itaimikidwa kale, oyilo wakale akuchuchira m'beseni ali bii, pamene makaniko anayamba ulaliki wake wa masiku onse. Mkuluyu ukamufunsa za oyilo umayenera kupezeratu pokhala.

"Musagule wa galimoto, mayi. Kilatchi ya njinga imasamba mu oyilo yemweyo wa injini, ndiye wa galimoto amaichititsa kuterera. Mudzafika pachitunda, injini ikungolira, njinga osakwera. Muonetsetse kuti pabotolo alemba 4T. Pitani musitolo yapatsidyayo, ya mkamwini wanga."

Mawu otsirizawa ankawatchula monyadira. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu akugwira sipanala, anthu ankamukhulupirira kuposa abale awo enieni, ndipo chitsegulireni sitoloyo mwana wake wamkazi ndi mwamuna wake, aliyense wodzasinthitsa oyilo ankamulozera komweko.

Azamba anabwerako ndi botolo lonyezimira bwino. Chivindikiro chinavuta kutseguka, ndipo makaniko atachikakamiza oyilo anamutayikira padzanja. Asanapukute, zala zinatikita zokha mwa chizolowezi. Munali timchenga. Anayandikiza dzanja kumphuno n'kumva fungo lopserera, la injini yotopa. Atayang'anitsitsa chivindikiro anaona kuti chinachita kumatidwa ndi guluu.

"Mundidikire pang'ono, mayi," anatero, nawoloka msewu botolo lili m'manja.

Musitolo munalibe munthu, wailesi inkangodziimbira. Chitseko chakuseri chinali chotsegula pang'ono, ndipo anachikankha osaodira.

Mwana wake anali atanjuta pakati pa kabwalo konyowa, diresi atapanira m'miyendo. Pakamwa pa fanelo anali atamangapo sokosi yakale, ndipo ankathiramo oyilo wakuda wochokera mumphika womwe unali utangophulidwa pambaula. Pambali panali mulu wa masokosi ena, olemera ndi matope a injini, mphemvu zakufa zitakakamira. Mabotolo opanda kanthu anali atanyikidwa m'beseni losambitsira mwana. Pakona panali dilamu lobiriwira lopindika m'mbali, ndipo makaniko analizindikira pomwepo, poti linali lake. Mkamwini ankabwera kudzalitenga Loweruka lililonse, ati oyilo wakuthayo akapakire mitengo yomangira kuti chiswe chisadye. Iye ankamuthandiza ngakhale kunyamula.

Analavula pansi.

"Iwe, n'chiyani chimenechi?"

Mtsikanayo sanadzidzimuke n'komwe. Anaika mphika pansi bwinobwino, kuopa kutaya.

"Ndi oyilo, ababa. Timangomusefa. Amagwira ntchito ndithu."

"Mwamuna wako ndiye wakukakamiza?"

Ankafunitsitsa kuti ayankhe kuti eya. Akanamukwenya mkamwiniyo pakhosi pamsewu pomwepo, anthu n'kuonerera, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Iwo amangomata zivindikiro. Kusefaku ndinayamba ndine. Ndinakulira pagalaja panu, ndiye ndimadziwa mtundu umene anthu amafuna kuona."

"Mayi amene wawagulitsa botolo iliwa amathamangira anthu oyembekezera kumidzi. Injini ikagwira n'kuwafera panjira?"

"Mpaka pano palibe yemwe wabwera kudzadandaula." Anapukuta manja pansanza, kenako anamuyang'ana m'maso, zomwe sanachitepo chibadwire. "Ndipo ababa, miyezi isanu ndi itatu mwakhala mukuthira oyilo ameneyu ndi manja anu. Lero ndiye mwanunkhiza."

Makaniko anayang'ana botolo lomwe linali m'manja mwake. Zinali zoona. Botolo la kwina kulikonse ankaliunika padzuwa, kulinunkhiza, ngakhale kuligwedezera kukhutu ngati akusankha dzira. La kwa mwana wake ankangotsegula n'kuthira, kwinaku akucheza. Anakumbukira bambo wina wonyamula mkaka, yemwe injini yake inagwira mwezi wathawo, mmene anamulalatira pagulu kuti sasamala njinga. Bamboyo anachita kupepesa, chipewa chili m'manja. Tsopano anali kunyansidwa ndi manja ake omwe.

"Mukanena, sitolo yatha," anatero mwana wakeyo, mawu atatsika. "Ndi dzina lanu lomwe. Ganizani bwino, ababa."

Makaniko anawolokanso msewu osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Pagalaja anapeza anthu enanso atatu akudikira ndi njinga zawo, awiri atanyamula kale mabotolo onyezimira aja. Azamba anaimirira pabenchi, akuyang'ana wotchi.

"Kodi ndalakwitsa kugula, bambo?"

"Simunalakwitse, mayi. Ndakulozerani polakwika ndine." Anakweza mawu kuti onse amve. "Oyilo uyu ndi wakutha, wochita kusefa. Aliyense amene ndinamuthirira chaka chino abwere ndi njinga yake ndidzamukhuthulire. Ndipo musakagulenso musitolo imeneyo."

Azamba anayang'ana patsidya, kenako anayang'ana iye.

"Koma si kwa mwana wanu kumeneko?"

"Ndi komweko, mayi."