Kilanki Yopepuka

Phoa Kim-hok anaima m'galaja ya Liao Thian-sang atanyamula zitsulo ziwiri. Kumanja kunali kilanki yakuda, yolemera, yosaoneka bwino. Kumanzere kunali ina yopalidwa m'mbali, yopepuka, yonyezimira ngati sipuni yatsopano. Kunja mvula ya mumzinda wa Keelung inali pa ntchito yake ya masiku onse.

Kwa zaka makumi atatu Kim-hok ankakweza masilinda a gasi m'tinjira ta kuphiri pa njinga yamoto imodzimodziyo. Tsopano njingayo inali itatopa, ndipo mwini sitolo ya gasi ananena mosapsatira mawu: Lachisanu akwere mtunda wa kukachisi ndi masilinda anayi, apo ayi dera lonse la kuphiri lipita kwa wina. Nanga munthu wa imvi akachotsedwa pamenepo, angamulembenso ndani?

Motero injini inayenera kukulitsidwa. Pisitoni yaikulu anali atasankha kale. Chotsala chinali kilanki, chitsulo chimene pisitoni imapalasa kuti gudumu lizungulire.

"Achimwene, katundu wangatu ndi wolemera," anatero Kim-hok. "Si yakudayi imene ingakoke pamtunda?"

Thian-sang analavula mtedza wa betelo umene ankatafuna, naseka. Anati yakudayo ndi ya makedzana, imadya mafuta, ndipo injini imachita ulesi nayo. Yopepukayo ndiyo ya masiku ano.

"Iwe umadziwa kusenza, ine ndimadziwa injini. Ndinakunamizapo liti, mng'ono wanga?"

Kunena zoona, dzanja la Kim-hok linkakana kusiya yakudayo. Koma awiriwa analumbirirana ubale m'kachisi atangochoka ku usilikali, zofukiza zili m'manja, ndipo kutsutsa mkulu wako pa ntchito yake yomwe n'kumunyoza. Anaika yakudayo pansi.

Lachisanu m'mawa, pa msewu wosalala wa kudoko, njinga inauluka mpaka Kim-hok anaseka yekha. Koma pamtunda, pa khona lachiwiri, injini inalira mokuwa, kilatchi inanunkha, kenaka zii. Njinga inayamba kubwerera m'mbuyo ndi masilinda ake anayi, iye akukwekwereza mapazi pa simenti yonyowa mpaka anaitsamiritsa pakhoma. Mwini sitolo, amene ankamutsatira pambuyo, anangopukusa mutu.

Ndiye kunsi kunamveka injini ina, gu gu gu, yosathamanga, yosatopa. Anali Chun-hiong, mkamwini wa Thian-sang, amene ntchito inamuthera kudoko. Nayenso anali ndi masilinda anayi. Anadutsa osacheuka.

Mtima wa Kim-hok unanena kanthu, iye naudzudzula. Makaniko aliyense amalakwitsa. Kuganizira mbale wako zoipa chifukwa choti zako zavuta, ayi, chimenecho n'chipongwe.

Masana mwini sitolo anapatsa Kim-hok silinda imodzi yomaliza, ndipo inali yopita kunyumba kwa Thian-sang komweko, pansanjika yachisanu. Anaisenza paphewa. A-kiau, mkazi wa Thian-sang, anamutsegulira ali mwee, m'khitchini muli miyendo ya nkhumba yodikira moto. Anati Lamulungu kuli phwando la mkamwini, ndipo Kim-hok asayerekeze kujomba.

"Achimwene anutu anatiuza sabata yatha kuti dera la kuphiri ndi la Chun-hiong basi. Masiku awiri ali pa injini ya mwanayo, akuti anamuikira chitsulo china chakuda cholemera, chosowa kwambiri." Anamupatsa tiyi. "Akuti inu mwatopa, mukufuna kupuma. Mwaganiza bwino, mlamu. Mawondo amenewo!"

Sabata yatha. Tsiku limene Kim-hok ankayesa zitsulo m'manja, nkhani inali itatha kale.

Kim-hok sanamwe tiyi. Zinamupweteka, osati pang'ono, ndipo chomupweteka koposa sichinali ntchito. Thian-sang akanangomuuza kuti mwana wanga wamkazi akuvutika, tisiyireko phirili, mwina akanalira, koma akanalipereka. M'malo mwake anamusekerera, namutcha mng'ono wake, namusiya akabwerere chambuyo pamtunda pamaso pa anthu.

Kim-hok anagwada, namanga paipi ya gasi. Anapaka thovu la sopo polumikizira monga amachitira m'nyumba iliyonse, nayang'anitsitsa ngati mpweya ukutuluka. Panalibe. Anayatsa mbaula, moto nuyaka bwinobwino.

Akutsika ndi silinda yakale, anamva likhweru la Thian-sang likukwera. Anakumana pa nsanjika yachitatu, pamene masitepe ndi opapatiza moti anthu awiri sangadutsane. Likhweru linaduka. Thian-sang anayang'ana silinda, kenaka pansi.

"Mng'ono wanga, tamvera..."

"Zikomo bwana, ndidutse nawo," anatero Kim-hok. "Ndi yopanda kanthu, koma imadetsa zovala."

Thian-sang anadzipanikiza kukhoma, ndipo Kim-hok anatsika.