Diso Lamanzere la a Kabawi

Dzina loti a Kabawi sanalitole panjira ayi. Linachokera kwa anzawo apantchito, chifukwa cha maso akuthwa ngati a kabawi, mbalame yogwira anapiye ija. Alendo oona mbalame akabwera kunkhalango ya paphiri ndi zipewa zawo zazikulu, aliyense akungoona masamba okhaokha, iwo ankangoima n'kuloza ndi chibwano: "Iyo apo, panthambi youma, yatifulatira." Ukayang'anitsitsa, inalidi pomwepo. Ntchito yawo inali imeneyo, kulondolera alendo ndi kuwaonetsa mbalame, ndipo anaigwira mpaka mutu unayamba kuyera.

Koma diso lamanzere linali litawaukira. Linayamba ndi kamtambo pakati penipeni, ngati galasi loti wina walipumira mpweya, kenako kamtambo kaja kanakula mpaka nkhope ya munthu inkaoneka makutu okha. Kunja diso linali bwinobwino, likuphethira ngati linzake, ndiye anangokhala duu. Akanatani? Amayi eni kampani imene ankaigwirira ntchito anali munthu wabwino pa zambiri, koma pa za njira yodutsa m'mbali mwa phompho sankaseka ndi munthu. Ankanena poyera kuti wa maso okayikitsa sadzayenda ndi alendo awo kumeneko. Atadziwa, phiri ndiye kuti a Kabawi alitsanzika. Chinsinsicho anauza munthu mmodzi yekha, akazi awo, ndipo anachita kuwalumbiritsa.

Tsono bainokyula yawo yakale, choonera patali chija chimene chinakhalitsa pakhosi pawo mpaka kusiya mzere, inali italowa nkhungu mkati. Amayi aja anati apite nawo m'tauni akasankhe okha yatsopano.

"Osati zotchipa zoseweretsa ana zija," anatero, "komanso osati zoti ndigulitse galimoto. Zapakatikati, bambo."

Woyendetsa galimoto anali mlamu wa a Kabawi, mlongo wamng'ono wa akazi awo. Mnyamata ameneyu a Kabawi anamutola akungoyendayenda m'misewu manja ali m'thumba, osadziwa kusiyanitsa pumbwa ndi mpheta. Anamuphunzitsa kuponda osathyola kamtengo, kumvetsera, kutseka pakamwa. Pano anali wachiwiri wawo. M'mawa umenewo a Kabawi anavala malaya ositasita, ndipo njira yonse ankaimba mluzu. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sitoloyo inali yopapatiza, yogulitsa makamera, mawotchi ndi matochi, fani ikuzungulira mwaulesi kudenga. Wogulitsa anali mtsikana waulemu wake, wa tsitsi lomanga kumbuyo. Anatulutsa mabainokyula atatu n'kuwayala pakauntala ya galasi: yaing'ono yotuwa, yobiriwira yosaoneka kanthu, ndi yakuda yaikulu yokhala ndi chikwama chonyezimira.

"Iyi ndiye ya abwana," anatero mlamu uja, akusisita yakuda.

"Iwe, bainokyula sasankha ngati nsapato," a Kabawi anamudula. "Ndinakuuza kangati? Sayesera pa duwa. Amayesera pa mbalame yakuda, kumwamba kuli koyera."

Anapita nawo pakhomo imodziimodzi. Tsidya la msewu, pamwamba pa sitolo ya mankhwala, khwangwala anali atatera pa waya wa magetsi, akudzikanda. Yotuwa ija anaibweza msanga; inali yamdima, yoti mitambo ikangophimba dzuwa m'nkhalango waona zako. Yakuda inawalemera m'manja ngati njerwa, ndipo pamene nthenga zakuda zinkakumana ndi kumwamba panali kamzere kofiirira, utoto woti khwangwala sanabadwe nawo. Bodza lenileni. Atakweza yobiriwira, ha! Khwangwala anabwera mpaka pamphuno, nthenga iliyonse payokha, chifuwa chili mbee. Mtima unawagunda ngati wa mnyamata. Zonsezi ankaona ndi diso lamanja, monga mwa masiku onse, lamanzere likungoperekeza.

Anapitiriza kuyang'ana. Ankafuna amve kukoma kaye.

"Dikirani pang'ono, bambo," anatero mtsikana uja, akutuluka kuseri kwa kauntala. "Sitinaitchere kuti igwirizane ndi maso anu. Maso a munthu salingana mphamvu, ndiye timayamba ndi limodzi, kenako linalo."

"Mwana wanga, zinthu zimenezi ndinayamba kugwira iwe usanabadwe."

"Ndikudziwa, bambo, koma abwana anga salola kuti katundu atuluke tisanatero. Anthu amabwera n'kumati ndi yowonongeka."

"Mulekeni agwire ntchito yake," anatero amayi aja, akuseka.

Mtsikanayo anatenga kachivindikiro n'kutseka galasi lakumanja. Anachita kukanikiza bwinobwino, mwana wa eni ake, kuti pasalowe ngakhale kadontho ka kuwala.

"Tsopano yang'anani chikwangwani cha sitolo ya mankhwalayo ndi lamanzere. Muzipotokola kagudumu kapakatika mpaka zilembo zioneke bwino."

A Kabawi anayang'ana. Munali chifunga chokhachokha, m'mbali mukuyenda timithunzi ta magalimoto. Anapotokola kagudumu uku, anabwerera uku. Kenako anaima penapake pongoganizira.

"Basi, zaoneka."

"Mungandiwerengere zilembo zing'onozing'ono zapansizo?"

Zikuluzikulu anali ataziwerenga kale ndi diso labwino. Zapansizo ayi.

"Kodi tabwera kudzagula katundu kapena kudzalemba mayeso?" anatero, akuyesa kuseka. Kusekako kunatuluka kouma.

Mtsikana sanalimbane nawo. Anasamutsira kachivindikiro kumanzere n'kuwaonetsa kamphete ka pagalasi lakumanja. "Pano musakhudzenso kagudumu kaja. Muzipotokola kampheteka kokha."

Apa ndiye panagona nkhani. Popeza kagudumu anali atakasiya pamalo olakwika, diso labwino lija nalo linangoona phala. Anapotokola kamphete, kupotokola, mpaka kanafika pothera n'kukana, chikwangwani chidakali mbuu. Mtsikana anailandira, anayang'ana pamene kamphete kanathera, nkhope n'kukwinyika.

"Sizimafika apa ayi. Mwina ndi yowonongekadi." Anaitchera m'maso mwake, n'kuyang'ana tsidya. "Koma kwa ine ikuonetsa bwinobwino. Tiyese ina."

Anayesa yotuwa. Zomwezo. Anayesa yakuda. Zomwezonso. A Kabawi ankangoti, "Katundu wanuyu ali ndi vuto," mawu akukwera pang'onopang'ono, mpaka mwini sitolo, bambo wamimba yake, anatulukira kuchipinda chakumbuyo akutafuna.

"Atatu onse?" anakalipa, maso ali pa mtsikana. "Wagwetsanso katoni iwe? Ndinakuchenjeza ine! Lero lomwe lino unyamule kachikwama kako."

"Sindinagwetse, abwana, ndithu sindinagwetse." Misozi inali italengeza.

A Kabawi anaona zonsezo, ndipo tisawanamizire, chisoni chinawagwira. Koma pakamwa panali ngati pamatidwa. Ankangoti mumtima: apsa mtima n'kuleka ameneyu, sangamuchotse zoona, tingotuluka muno n'kukagula kwina.

"Musamukalipire, bwana, katundu wanu ali bwino."

Anali mlamu. Anayankhula motsitsa, maso ali pansi, manja atawapinda kumbuyo ngati munthu wopepesa.

"Vuto ndi diso la alamu angawa. Lamanzere linasiya kuona kalekale."

Abale, munthu akakumenya mbama umadziwa pogwira. Apa a Kabawi sanadziwe kuti agwire pati.

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Achemwali."

Akazi awo! Munthu wogona naye mphasa imodzi, amene analumbira atagwira pamtima. Ndiye kuti nthawi yonseyi, iwo akudzitama paphiri, akuloza ndi chibwano, kamnyamata aka kankawayang'ana kakudziwa, kakungodikira tsiku lake.

"Ndinasunga pakamwa nthawi yaitali, alamu," anapitiriza mnyamatayo. "Koma mwana wa eni ake achotsedwe ntchito ife tikuonerera?"

Mawu abwino zedi, oti ngakhale abusa angawombere m'manja. Mwina analidi ochokera pansi pa mtima. Koma a Kabawi ankadziwanso kuti wachiwiri aliyense amalota tsiku lodzakhala woyamba, ndipo zinawawawa kwambiri kuti sakanatha kusiyanitsa, chifundo chathera pati, njala yayambira pati.

Amayi aja sanakweze mawu. Bola akanakalipa.

"Bambo, phimbani lamanja ndi dzanja, mundiyang'ane."

"Sindine mwana wasukulu ine, amayi."

"Ndiye kuti mwandiyankha." Anapumira m'mwamba. "Mwakhala mukudutsa ndi alendo anga m'mbali mwa phompho muja muli chonchi? Ena okalamba, ena ndi ana?"

"Palibe anagwapo. Njira imene ija ndingayende nditatsinzina. Mbalame ndimazimva zisanatere."

"Ine sindidikira kuti wina ayambe wagwa." Kenako anafewetsa mawu, ndipo kufewako ndi kumene kunabaya kwambiri. "Sindikutayani. Tipita nanu kuchipatala akakuoneni. Pageti pakufunika munthu wodziwa kulandira alendo, woti aziwafotokozera zimene akaone kumtunda. Koma phiri ndiye ayi. Kuyambira mawa alendo azikwera ndi mlamu wanuyu."

Pageti. Kutsegula, kutseka, kumwetulira, kuuza anthu za mbalame zimene akaonetsedwe ndi wina. Mwini sitolo anali atazemba kale kubwerera kumene anachokera, osapepesa ngakhale kwa mtsikana wake. Mtsikanayo ankapukuta kauntala yoyera kale.

"Poti tabwera kale, tisabwerere chimanjamanja," anatero amayi aja. "Mnyamatayu afunika yakeyake yabwino. Inu mwaziyesa zonse, ndipo palibe amene amadziwa kuposa inu. Msankhireni."

Taonani nkhanza za anthu aulemu! Akulande khasu, kenako akupemphe kuti ulinolere wolanda munda. A Kabawi anayang'ana mabainokyula atatu aja. Yobiriwira inali pakati, lamba wake atalendewera m'mphepete mwa kauntala. Moyo wawo wonse sananamizepo munthu za mbalame. Mlendo akafuna kumva kuti waona yosowa, iwo ankamuuza mosabisa kuti ayi, ndi njiwa chabe. Koma tsiku limenelo ndulu inali itafika pakhosi.

Anatambasula dzanja n'kugogoda yakuda.

"Iyi. Paja unaikonda kale."

Mlamu anaitenga ndi manja awiri n'kupita pakhomo. Khwangwala anali akadali pawaya. Mnyamatayo anaima monga anaphunzitsidwira, miyendo motalikirana, zigongono pachifuwa, n'kuyang'ana mbalame yakuda kumwamba koyera. Anayang'ana nthawi yaitali. A Kabawi ankaona msana wake wokha, koma anadziwa nthawi yeniyeni imene kamzere kofiirira kaja kanaoneka, chifukwa mapewa anatsika pang'ono. Anamuphunzitsa bwino mwana ameneyu. Anamuphunzitsa bwino mopitirira.

Atabwerera, mtsikana uja anayesa kulowererapo, monong'ona. "Achimwene, mukanayesako yobiriwirayi, chifukwa ambiri oona mbalame..."

"Ayi, chemwali," anatero mlamu. Sankayang'ana mtsikanayo. Ankayang'ana a Kabawi, m'diso lamanja mwenimweni. "Alamu anga anena. Zonse zimene ndimadziwa anandiphunzitsa ndi iwowa. Ikulungeni yomweyi."

Kenako anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo, alamu."

A Kabawi anadikira kuti mtima uzizire, kuti amve kukoma kwa kubwezera kumene anthu amakusimba. Sikunabwere. M'malo mwake munabwera manyazi otentha, oyambira m'khosi mpaka kumakutu. Anafuna kunena kuti, iwe, siya chimenecho, tenga yobiriwira. Koma kutero kukanakhala kuvomera pamaso pa amayi aja kuti anama kawiri m'mawa umodzi, ndipo mnyamatayo anali atawatsekera kale khomo ndi ulemu wake uja.

Mtsikana anabweza yobiriwira m'katoni yake n'kuikankhira pansi pa kauntala. Amayi analipira. Panja, mlamu anawatsegulira a Kabawi chitseko cha galimoto, chinthu choti sanachitepo, ndipo iwo analowa. Chikwama chonyezimira chija mlamuyo anachiika pampando pakati pawo. M'mawa uliwonse mnyamatayu azidutsa nacho pakhosi popita kuphiri, akudziwa, iwonso akudziwa, ndipo womutsegulira geti akhala iwo.