Nyumba Imene Inakula M'kamera

Mayi Kamera anali ndi ntchito ziwiri, ina yoikonda, ina yomudyetsa. Yoikondayo inali yokwera ndege kupita kumayiko akutali kukajambula anthu osamva akukwera mapiri, akuwoloka mitsinje yolusa pa timabwato, kapena akudziponya kuphompho atamangidwa chingwe m'miyendo ngati mbuzi yopita kumsika. Yomudyetsayo inali ya konkuno: kujambula makanema otsatsa malonda a mashopu, mahotela, masaluni ndi aliyense wofuna kuti katundu wake aoneke bwino kuposa mmene alili. Dzinalo anamupatsa ndi anthu oyandikana nawo nyumba, poona kuti ngakhale pokataya zinyalala chikwama cha kamera chimakhala chili paphewa.

Amuna ake anali aphunzitsi a jogalafe pasukulu ya sekondale, munthu wamtali ndi wathupi, woti akaima pakhomo mphaka amayamba wadikira. Ndege anali asanakwerepo ndipo sankadandaula. Ankati dziko lonse limabwera lokha kunyumba kwawo m'chikwama cha akazi awo. Kanema aliyense wa Mayi Kamera ankamuonera mobwerezabwereza, kenako n'kupita naye m'kalasi.

"Ana inu," ankatero aphunzitsiwo, "buku likhoza kunama, koma izi anaziona ndi akazi anga, ndi maso awo."

Mawu amenewa Mayi Kamera ankawakonda kwambiri, moti sanayerekezepo n'kamodzi komwe kuwawongola.

Tsiku limene ankabwera kuchokera ku ulendo wa kumapiri a chisanu, aphunzitsi anakamuchingamira kubwalo la ndege atamanga tayi, chonsecho linali Loweruka. Anamulandira chikwama, anamufunsa za ulendo, koma maso awo sankakhazikika. Takisi itafika pamphambano inakhotera kumanzere.

"Adalaivala, kwathu si uko," anatero Mayi Kamera.

"Asiyeni, mayi, ndi komweko," anayankha aphunzitsi. "Tinasamuka."

"Tinasamuka? Ndani ndi ndani?"

"Ine ndi katundu. Inu mukusamuka lero."

Anafotokoza bwinobwino, monga mwa chizolowezi chawo, kuyambira kumutu. Nyumba yakale ija inkadontha, ndipo iwo anali atatopa kuona akazi awo akukonza makanema pakompyuta atazunguliridwa ndi mabeseni. Ndiye tsiku lina pafoni anaona kanema wotsatsa mafulati atsopano, ndipo kumapeto kwake kunali dzina la akazi awo. Chipinda chochezera chachikulu, kuwala kuli ngwee, mphepo ikugwedeza makatani. Tsiku lomwelo anapita ku ofesi ya alandilodi kukagwirizana nawo.

"Ankafuna kuti andiperekeze ndikaione kaye," anatero aphunzitsi. "Ndinawauza kuti asataye nthawi, akazi anga anandionera kale."

Mayi Kamera anamukumbukira kanemayo nthawi yomweyo. Mafulatiwo ankawadziwa. Ankawadziwa bwino kuposa aliyense, kupatula mwina mmisiri amene anawamanga, yemwe naye ayenera kuti ankagwira ntchito atapinda zigongono. Akulu sananame, choipa chitsata mwini.

"Koma pali vuto," anapitiriza aphunzitsi, atatsitsa mawu kuti dalaivala asamve. "Musakhumudwe, mayi. Atipusitsa. Nyumba imene atipatsa si imene munajambula ija."

Mayi Kamera anangoyang'ana panja ngati akuwerenga zikwangwani.

Chitseko cha nyumba yatsopanoyo chinangotseguka pang'ono n'kugunda firiji. Aphunzitsi analowa chammbali atakoka mimba, ndipo zinkaoneka kuti luso limeneli analiphunzira movutikira chifukwa batani limodzi la malaya awo linali losokedwa ndi ulusi wamtundu wina. Sofa inali itaimitsidwa chilili pakona. Tebulo linali pamwamba pa wodiropu, miyendo m'mwamba. Kuchipinda bedi linadzaza khoma ndi khoma, moti munthu ankakwera kuchokera kumiyendo n'kukwawa mpaka kukapeza pilo. Mapu a dziko lonse, omwe aphunzitsi sankagona popanda kuwapachika, sanakwane pakhoma limodzi. Anawapinda pakona, mayiko ena akuyang'ana kukhomo, ena kuwindo.

"Anyamata onyamula katundu anandiuza kuti fupa lokakamiza limaswa mphika, n'kundisiyira sofa panja," anatero aphunzitsi. "Ndinailowetsa ndekha. Koma musadandaule, sitimasula katundu yense. Alandilodi ndawaitana, akubwera masana ano. Ndimangodikira inu, mboni yanga."

"Bambo, ndatopa. Mutu ukundiwawanso. Bwanji mawa?"

"Inu mungokhala apo, musavutike n'kulankhula. Kanema alankhula yekha."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaulula. Mayi Kamera anatsegula pakamwa ndithu, mawu anafika mpaka pammero. Koma aphunzitsi anamupatsira kapu ya tiyi, osadzuka n'komwe pomwe anakhala chifukwa khitchini inali pafupi ndi dzanja, n'kuyamba kusimba mmene anzawo a kuntchito anawasekera. Wina wa masamu anachita kunena kuti makanema otsatsa malonda onse ndi abodza.

"Ndinamuyankha pamaso pa onse," anatero aphunzitsi monyadira. "Ndinati a anthu ena mwina, koma akazi anga sajambula bodza."

Mayi Kamera anameza mawu aja pamodzi ndi tiyi.

Alandilodi anafika akulizaliza mulu wa makiyi, munthu wamfupi, wonunkhira perefyumu, woti nyumba zake zinkamukwana bwino. Atangosuzumira m'kati nkhope yawo inawala.

"Aa! Mayi Kamera! Mukutani kuno? Musandiuze kuti awa ndi amuna anu! Achimwene, bwanji osanena tsiku lija?"

Aphunzitsi sanaseke nawo. Anaimirira, anakonza tayi, n'kuyamba mlandu wawo ngati ali kutsogolo kwa kalasi, foni ili m'manja.

"Bwana, ine sindikonda mikangano. Tingoona limodzi. Onani apa: mipando inayi, tebulo pakati, maluwa, ndipo pakutsalabe malo oti mwana n'kuphunzirirapo njinga. Mwaona? Tsopano kwezani maso muone muno. Ine ndikayasamula ndimagunda khoma. Funso langa ndi limodzi: nyumba ya mukanemayi mwapatsa ndani?"

Alandilodi anayang'ana foni, anayang'ana aphunzitsi, kenako anaseka chikhakhali mpaka makiyi anagwa pansi.

"Achimwene, nyumba yake ndi yomweyi! Nambala yake yomweyi! Muli ndi mwayi, mwapeza yeniyeni ya pakanema!"

"Sizingatheke."

"Afunseni eni akewa! Mipando mukuionayo tinakabwereka kusukulu ya mkaka, ya tiana tosayamba n'kulankhula komwe. Tebulolo ndi kampando kopondera. Maluwawo anali m'kapu ya tiyi."

Mayi Kamera anatsokomola. Anawatuzulira maso alandilodi. Poona kuti sizikuthandiza anawaponda phazi mwamphamvu.

"Pepani mayi, malo ndi ochepa," anatero alandilodi, n'kusuntha phazilo, nkhani osaisiya. "Ndiye mayiwa anatulutsa kagalasi kena kotukuka ngati diso la chule, n'kukamangirira kutsogolo kwa kamera. Akuti kamatambasula zinthu. Anati pakufunikabe kubwerera m'mbuyo, koma m'mbuyo mwake muti? Basi analowa m'toileti umo, anavula nsapato, anakwera pachivundikiro, msana kukhoma, n'kujambulira pamenepo. Ine nditaona kanemayo ndinatsala pang'ono kudzichitira lendi ndekha. Mafulati onse anatha ngati akugawidwa ulere! Mkazi uyu msungeni, achimwene. Akhoza kujambula bokosi la machesi anthu n'kumafunsa kuti galaja ili mbali iti."

Anatola makiyi awo, anagwira chanza aphunzitsi, omwe dzanja lawo linali lende, n'kukumbutsa Mayi Kamera kuti mashopu awo atsopano atsala pang'ono kutha ndipo nawonso ndi ofunika kagalasi kaja. Anatuluka osagunda chilichonse.

Firiji inkalira ngati ikudandaula nawo. Aphunzitsi anamasula tayi n'kukhala pansonga ya bedi, mawondo ali m'chipinda chochezera. Mayi Kamera anadikira kuti akalipe. Akanakalipa zikanamupepukira, chifukwa mayankho anali nawo. Koma iwo anangoyang'ana mapu awo opindika aja kwa nthawi yaitali.

"Mayi," anatero kenako, motsitsa, "nanga chipululu chija? Chija munati mulibe munthu ngakhale mmodzi?"

"Chipululucho chilipo, bambo. Kungoti kumbuyo kwanga kunali mabasi."

"Mabasi."

"Ndi mayi wina wogulitsa zipewa."

"Mathithi aja?"

"Enieni. Koma ndinajambula nditagona chagada, ndiye anatalikirapo pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Inu mutaima pamwamba pa galimoto mukhoza kusuzumira kumene madzi akuchokera."

Aphunzitsi anapumira m'mwamba. "Nanga dzuwa lija likutuluka kuseri kwa phiri, mbalame zikulira?"

Mayi Kamera anayang'ana zala zake. "Linkalowa. M'mawa ndinagonereza, ndiye ndinajambula madzulo n'kulibweza pakompyuta. Mbalamezo ndi za kunyumba yathu yakale ija."

"Mayo ine," anatero aphunzitsi atagwira kumutu. "Ndinafunsa pamayeso! Ndinawaonetsa ana kanemayo n'kuwafunsa kuti kum'mawa kwa phirilo ndi kuti. Ndiye kuti amene ndinawalepheretsa aja ndi amene anakhoza?"

"Bambo, sindinaikemo chinthu chomwe kulibe. Ine ndimangosankha poima. Ntchito yake ndi imeneyo."

"Ndamva."

Liwu limeneli linamupweteka Mayi Kamera kuposa kutukwanidwa. Anachita mantha, mantha enieni, oposa amene anachita tsiku lina bwato litatembenuzika ali ndi kamera m'manja. Makanema ake ankaonedwa ndi anthu ambiri, koma wowakhulupirira ndi mtima wonse anali mmodzi, ndipo ndi ameneyo ankamuganizira nthawi zonse akamasankha poima. Anaona kuti akadzabweranso ku ulendo wina, munthuyu adzaonera kanema mwaulemu, adzati wakongola, n'kubwerera ku mabuku ake. Misozi inalengeza, koma anaikaniza, chifukwa kulira pamenepo kukanaoneka ngati luso linanso.

Aphunzitsi anadzuka, bedi n'kupuma.

"Kamera ili kuti?"

"M'chikwama. Bwanji?"

"Ikanimo kagalasi ka chule kaja."

Mayi Kamera anamangirira kagalasiko, osadziwa ngati amuna ake akufuna kukaswa kapena kukapita nako kusukulu ngati umboni. Aphunzitsi analandira kamerayo ndi manja awiri, anavula nsapato, anatsekereza chitseko cha toileti ndi ndowa, n'kuponda pachivundikiro. Chivundikirocho chinalira. Mutu unagunda kudenga, iwo n'kuwerama, msana kukhoma, masokosi obooka chala ali poyera. Anaika diso pakamera.



"Ha!" anatero. "Ndi yomweyi!"

Anayendetsa kamera pang'onopang'ono kuchokera kufiriji kupita kusofa. "Taonani bwalo! Mayi, sofa ija ili kutali, munthu kuti akakhalepo afunika kunyamula kamba!" Phwete linawatuluka m'mphuno asanalikonzekere. Anayesa kulibweza kuti akhalebe munthu wolakwiridwa, koma mimba inayamba kugwedezeka yokha, chivundikiro chikulira nayo limodzi.

"Lolemba mupita nane m'kalasi," anatero diso lili pakamera pomwepo. "Mukawauze ana nokha za dzuwa lija. Mukatenge ndi kagalasika, aliyense akasuzumiremo. Ndipo kuyambira lero mukamabwera ku maulendo anu muzindibweretsera ndi za kumbuyo kwanu zomwe. Mayi wa zipewa uja ndikufuna ndimuone."

"Ndidzakubweretserani, bambo."

Kamera inayenda pang'ono n'kuima pa Mayi Kamera. Anali ataima pawindo, atagwira chigongono, maso ali ofiira. Kuseka kwa aphunzitsi kunatha. M'kagalasimo akazi awo ankaoneka kamunthu kakang'ono, kokhakokha, kumapeto kwa chipinda chachikulu.

"Mayi, mwatalikiratu," anatero. "Mukuoneka ngati simunabwere."

"Ndili pompano."

Aphunzitsi anatsitsa kamera. Anali pompo ndithu, pafupi moti mpweya wake unkawafika pamalaya. Anamuyang'ana ndi maso awo, nthawi yaitali, ngati mmene ankayang'anira makanema ake.

"Ndiye ndigwireni dzanja nditsike," anatero, "chisanasweke chinthu cha eni ake."