Amsinkhu wa Jonasi

Mlamu wanga Jonasi adapalasa njinga kuchoka ku Vubwi kukagula mbuzi ku Mozambique, osabwerakonso. Mtembo ayi, uthenga ayi. Mng'ono wanga Asiyatu adangotsala choncho, wamasiye si wamasiye, wapabanja si wapabanja.

Twaibu, bambo wina wa pamudzi pathu, atamufunsira, mizikiti yathu iwiri idayamba mikangano yake ija. A mzikiti wa kumtunda adati malamulo awo amalola mkazi kukwatiwanso zikapita zaka zinayi, ndipo zidali zitapita kale. A kumunsi adakana kwamtuwagalu, ati munthu wosowa amayesedwa wakufa pokhapokha amsinkhu wake onse pamudzi atatha. Ine zidandipsetsa mtima, abale. Mwana wa eni akalambire pakhomo chifukwa cha nkhalamba zosapatsana ndi moni womwe?

Kenaka amsinkhu wa Jonasi adayamba kutha. Bernard adagwa m'munda wa thonje. Jafali adagona masana, osadzukanso. Pa maliro onse awiri, pochoka kumanda, tidamva belu la njinga kuseri kwa mitengo, koma njingayo osaiona. Adatsala Twaibu yekha, wobadwa mwezi umodzi ndi Jonasi.

Mantha atamugwira, Asiyatu adakatenga a Shehe Mbwana ku Katete, munthu amene adaphunzira malamulo a magulu onse a Chisilamu. Iwo sadakalipire aliyense. Adakhazika mbali zonse pansi n'kuzionetsa kuti maganizo awiriwo ndi a akatswiri akale olemekezeka, komanso kuti ngakhale aja odikiritsa amabwereka lamulo la zaka zinayi mkazi akamavutika. Nkhalamba zidayang'anana, n'kuvomera. Asiyatu adakhala miyezi yolira mwamuna, ine mtima uli m'mwamba, koma Twaibu sadadwale ngakhale chimfine.

Tsiku la ukwati mizikiti yonse idakhala pamkeka umodzi, dzuwa lili paliwombo. A Shehe atafunsa Twaibu ngati akumulandira Asiyatu, belu lija lidalira pakhomo penipeni. Twaibu adacheuka, akumwetulira ngati munthu amene waona mnzake wakale.

"Wabwera?" adatero, n'kutsamira khoma.

Tidamugwedeza, tidamuthira madzi, koma ayi ndithu. Asiyatu adandigwira dzanja. A Che Amidu, mkulu wa mzikiti wa kumunsi, adamutseka maso Twaibu n'kulankhula chapansipansi.

"Shehe, tsopano ngakhale kwa ife Jonasi ndi wakufa."

Palibe amene adatsutsa.