Asilikali a Saulosi Agona ndi Njala

"Agogo, mankhwala amadziwa bwanji pomwe pakupweteka?" Amene anafunsa choncho tsiku lina ndi Shamim, mdzukulu wa a Mwanaisha a khomo loyandikana, ndipo a Saulosi anangoseka. Koma chotupa cha khansa chitawatuluka m'khosi, funso lomwelo anakalitula kwa dokotala ku Lilongwe, chipewa chili m'manja.

Dokotala anati mankhwala sadziwa njira. Mankhwala a khansa yawoyo anali okulungidwa m'timaphukusi tosaoneka ndi maso, tolowa m'magazi ndi diripi. Tina timakafikadi pachotupa, koma tambiri timagwidwa panjira ndi asilikali a m'thupi, makamaka a m'chiwindi, omwe amameza chilichonse chachilendo. Ananenanso zina, koma a Saulosi makutu anali atatseka kale.

Mu minibasi, kuchoka pa Salima mpaka pa Mtakataka, mutu unali pa ntchito. Zaka zonsezi wailesi ikuti idyani bwino asilikali achuluke, kani ukuweta akuba! Potsika anali atagamula: awakhaulitsa ndi njala.

A Mwanaisha, ogulitsa usipa pa Golomoti, ndiwo ankawaphikira chimwalirire akazi awo. Mbale zitayamba kubwerera zosavundukula, anabwera okha, n'kupeza mkuluyo buluku atamanga ndi luzi.

"A Saulosi, Lenti yanu yabwera kawiri chaka chino? Ife Ramadani tinamaliza kale."

"Izi si za Mulungu, mayi. Ndi nkhondo."

Anafotokoza zonse mwachifatse, ndodo ikujambula chiwindi padothi. A Mwanaisha anakhala pakhonde, nagwira chibwano.

"Ndiye nzeru zonse zija mwabwera nazo n'zimenezi? Ine mlonda wa pathandala langa la usipa ndikapanda kum'patsa chakudya, amayambira usipa womwewo akulonderawo. Wanjala ndiye amalanda, bambo!"

"Mlonda wanuyo ndi munthu. Awa ndi asilikali."

"Ali ndi mfuti?"

Poona kuti sakugonja, mayiwo anatulutsa foni pamfundo ya chitenje, naimbira a Idah, anamwino omwe ankawaika diripi a Saulosi, mawu atakweza kuti ndi nkhuku zomwe zimve.

"Bambo Saulosi!" anakuwa a Idah. "Adokotala sanakuuzeni kuti timaphukusito tinavekedwa chovala choti asilikali azichedwa kutizindikira? Tina amamezabe, inde, koma zimenezo tisiyireni ife. Musanalandire diripi timayeza magazi. Asilikaliwo tikawapeza ochepa, kapena inu mutafooka, sitikuikani, mubwerera chomwecho. Ndipo popanda iwo chimfine chokha chikugonekani."

Foni inazima. A Saulosi anayang'ana chiwindi chawo cha padothi chija, nachifufuta ndi phazi. Sabata yamawa inali ya diripi, ndipo chotupa sichinasale nawo kudya.

"Anamwinowa agwirizana ndi maganizo anga ena," anatero, dzanja likuvundukula mbale ya futali.

"Ati maganizo ena! Tadyani apa."

Anadya mpaka kukombeza, kenaka anamasula luzi pang'ono.

"Mayi, mpaka diripi yomaliza, mbale yanu sidzabwereranso ndi kanthu. Ndalonjeza."

"Nanenso ndalonjeza, inshallah, kuti siidzaleka kubwera. Koma ikadzangobwerera ndi chakudya, ndidzakudyetsani ndekha ndi chipande, pakhomo pa tchalitchi, Misa ikutuluka."