Tsiku Limene Ambulansi Inabwera

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anayamba kumva zowawa za pobereka m'mawa, ndipo pofika masana anamwino anali atamupima kawiri. Anatiitanira pakhonde, ine ndi achimwene, n'kutiuza kuti mwana wagona chopingasa. Pamafunika opaleshoni, kuchipatala chachikulu cha kumunsi kwa phiri.

Chipatala chathu ndi zipinda ziwiri, mabedi ochepa ndi namwino mmodzi yemweyo. Netiweki nayo imagwira pamwala umodzi wokha, kuseri kwa chimbudzi. Anamwino anakwera pamwalapo, foni m'mwamba ngati akuthyola chipatso, ndipo atatsika anati ambulansi yanyamuka.

Kwathu kuno mawu amenewo amaseketsa ndi ana omwe. Ambulansi imanyamuka chaka chonse koma sifika: lero mafuta, mawa tayala, mkuja dalaivala wapita kumaliro. Achimwene sanakhazikike. Ankathamangira kumsewu, kubwerera, kusuzumira pawindo, kuthamangiranso kumsewu. M'chipindamo mlamu ankangoluma nsalu. Ine mantha anandigwira, ndisaname.

Posakhalitsa achimwene anabwera ndi amuna anzawo atanyamula machira. Anamwino anaima pakhomo, kuwachonderera kuti adikire, kuti ulendo uno awalonjeza ndithu.

"Tinadikira chaka chatha ndi amayi athu," anatero achimwene. "Munaona nokha mmene anatulukira muno."

Anamwino anapatuka. Sakanatiperekeza, poti anali ndi mwana wina padiripi.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene anayamba mwambiwo analibe mkazi pamachira. Tinalowera njira yathu yachidule, yotsika m'matanthwe, kutali ndi msewu wokhotakhota uja. Amuna ankasinthana mapewa osaima, ine pambali ndikumupukuta mlamu thukuta.

Tili pakati pa phiri tinamva kulira kwa injini. Kutsidya kwa chigwa, galimoto yoyera inkakwera msewu, fumbi lili koboo kumbuyo. Tinakuwa mpaka mawu kusasa, ine ndikukupiza nsalu, koma inakhota n'kubisika. Foni inalibe netiweki. Amuna anayamba kukangana, ena kuti tibwerere, ena kuti titsike. Tinatsika, poti kukwera ndi munthu pamapewa si masewera.

Kumunsi tinamugoneka mlamu pamthunzi m'mbali mwa msewu. Anali atasiya kubuula, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Ambulansi inakafika pamwamba, n'kutembenuka, n'kudzatipeza dzuwa litapendeka.

Kuchipatala chachikulu mlamu anapulumuka, koma mwana ayi. Dokotala anangoti tikanafika msanga pang'ono, kenako anaona nkhope ya achimwene n'kusiyira pomwepo.

Potuluka tinapeza dalaivala akutsuka galimoto yake panja. Achimwene anaima pafupi naye nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Ndinkaopa kuti amumenya, koma iwo anayankhula motsitsa, mwaulemu.

"Bambo, nanga lero munabwereranji?"