Sitima Yatisiya

Abwana a pa siteshoni ananena mawu awa atatsamira chitseko: "Wolengeza wosadziwa Chingerezi ndi belu long'aluka. Mukangolakwitsa liwu limodzi, mlamu wanga akudikira mpando umenewo."

Mlamuyo anali kale pabenchi panja, akuyeserera kukonza kukhosi ngati munthu wa pa wailesi.

Wolengeza, mayi wa ana atatu, anabwerera pampando wake. Zaka zonsezi akukuwa mpaka mawu kusasa, lero akhale belu long'aluka? Anayamba kudziphunzitsa yekha. Buku analibe, koma pa zenera losweka la ofesi yake panamatidwa nyuzipepala yakale, tsamba la mauthenga a maliro. Liwu limene analigwira bwinobwino linali "leti". Dzina lililonse lokhala ndi leti kutsogolo, mwini wake anali malemu.

Tsiku lina foni inalira. Munthu wa ku likulu analankhula Chingerezi ngati akuthamangitsidwa ndi galu, mayiyu n'kutolapo mawu awiri okha: treni, leti.

Mtima unamuwawa. Sitima ija inali nkhalamba, inkakwera chitunda ikubuula, mbuzi zikuipitirira. Anagwira maikolofoni.

"Abale, pepani. Sitima yathu yatisiya."

Mayi wina, matiresi ali pamutu, anayamba kulira osawatula.

"Ine ndinkaona," anatero wogulitsa maambulera. "Chifuwa chija sichinali chochira."

"Yavutika, ipume," anayankha wokonza nsapato.

"Nanga matikiti athu?"

"Iwe, ulemu! Mtembo sunafike n'komwe."

Abwana anatuluka maso ali psuu. Wolengeza anaona ntchito ikumutsanzika.

"Ku likulu anati chiyani?"

"Anati leti, bwana."

Abwana anayang'ana mlamu wawo. Mlamu anayang'ana nsapato zake. Apo abwana anavula chipewa, n'kukwera pa ngolo ya katundu, n'kuyamba kuyamikira malemu: anali ofatsa, osathamanga, osasankha munthu, nkhuku ndi m'busa mpando umodzi.

Ali mkati molankhula, njanji zinayamba kunjenjemera. Malemu anatulukira pakona akukhosomola utsi wakuda, n'kudzaima ndi phokoso la mapoto akugwa pa shelefu.

Palibe anasuntha.

"Kodi kwagwanji?" anakuwa woyendetsa. "Kwerani!"

"Kwerani nokha, achimwene," anatero mayi wa matiresi. "Ife tili ndi ana."

Abwana anathamangira ku ofesi, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, lengezani kuti yadzuka. Ine sandimvera."

"Auzeni alamu anu."

"Amachita chibwibwi akaona anthu."

"Ndiye mpandowu ndi wa ndani?"

Abwana anayang'ana khamu lija, anayang'ana sitima yopanda munthu, n'kunong'ona: "Ndi wanu."

"Sindinamve. Belu long'aluka limagonthetsa."

"Ndi wanu, mayi!"

Wolengeza anakhala pansi bwinobwino, n'kupukuta maikolofoni ndi mpango.

"Abale, pukutani misozi. Malemu akuti ayendako kaye ulendo umodzi. Kwerani msanga asanasinthe maganizo."